Kuwerenga ndi kulemba molondola mayina a Chigiriki a zikumbu

Pali mafunso awiri amene ophunzira za tizilombo sasiya kundifunsa. Loyamba ndi la tanthauzo: kodi *Onthophagus* kapena *Dendroctonus* n'kuti chiyani? Lachiwiri limabwera munthu akayamba kulemba lipoti lake: buku ili lalemba *Acalymma vittata*, linalo lalemba *Acalymma vittatum*, nanga ine nditsate liti? Ndaona kuti n'chanzeru kulemba yankho lonse kamodzi, kuti aliyense wofunsa azilipeza lathunthu.

Mitundu ya zikumbu imene akatswiri anaifotokoza kale ndi pafupifupi 400,000, ndipo palibe munthu amene analoweza mayina onsewo. Musataye mtima. Mayina ambiri anawumbidwa ndi mawu omwewomwewo a Chigiriki chakale, ndipo kalembedwe kake kali ndi malamulo. Malamulowo ali m'buku lotchedwa International Code of Zoological Nomenclature, limene kope lake lachinayi linatuluka mu 1999 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2000. Kuyambira pano ndizingolitchula kuti Code.

1. Dziwani kaye chidutswa cha dzina chimene mukuyang'ana

Tengani dzina ili: *Calosoma sycophanta* (Linnaeus, 1758). Mawu oyamba ndi genus, kutanthauza gulu la mitundu yapachibale, ndipo amayamba ndi chilembo chachikulu. Mawu achiwiri ndi a species, mtundu weniweniwo, ndipo amayamba ndi chilembo chaching'ono nthawi zonse, ngakhale atachokera ku dzina la munthu kapena la dziko. Mawu awiriwa amalembedwa mopendekera, ndipo ngati mukulemba pamanja muziwadula mzere kunsi. Dzina la wolemba, kutanthauza katswiri amene anayamba kufotokoza mtunduwo, ndi chaka sizipendekera.

Mabulaketi aja si okongoletsa. Akukuuzani kuti mtunduwu unasamutsidwa: Linnaeus, katswiri wa zachilengedwe wa ku Sweden, anautcha *Carabus sycophanta*, kenako Weber mu 1801 anakhazikitsa genus ya *Calosoma*. Ambiri amalakwitsa poika mabulaketi pa mayina onse, kapena kuwachotsa ponse, pofuna kuti mndandanda wawo uoneke wofanana. Musatero, mukufufuta mbiri ya dzinalo. Chaka cha 1758 mudzachiona kawirikawiri, chifukwa kope lachikhumi la Systema Naturae la Linnaeus, la chaka chimenecho, ndi pamene mayina ovomerezeka a nyama amayambira.

Mayina a magulu akuluakulu mumawadziwira kumathero: -idae ndi banja, -inae ndi nthambi ya banja, -ini ndi kagulu ka mkati mwa nthambiyo. Amenewa sapendekera. Zikumbu zonse pamodzi ndi Coleoptera, kuchokera ku *koleos*, chimake cha lupanga, ndi *pteron*, phiko, kunena mapiko olimba akunja amene amavindikira mapiko oulukira. Mawuwa anawagwiritsa kale ntchito Aristotle.

2. Dulani dzinalo pakati, muyambe kuwerenga cha kumapeto

Mayina ambiri a genus ndi mawu awiri olumikizidwa, ndipo kawirikawiri cholumikizira chake ndi chilembo o. Mawu omaliza ndiwo mutu wa nkhani, oyambawo amangofotokoza. *Onth-o-phagus*: kumapeto kuli "wodya", kumayambiriro kuli *onthos*, ndowe. Wodya ndowe. *Dendr-o-ctonus*: "wakupha" ndi *dendron*, mtengo. Wopha mitengo, ndipo n'zoona, zikumbu zimenezi zimaumitsa nkhalango za paini ku North America. *Sit-o-philus*, genus ya anankafumbwe a m'mbewu zosungidwa, ndi "wokonda" ndi *sitos*, mbewu ngati tirigu.

Mawu akumapeto amene mudzakumana nawo tsiku ndi tsiku ndi awa: -phagus wodya, -philus wokonda, -phorus wonyamula, -soma thupi, -derma khungu, -stoma pakamwa, -cephalus mutu, -cerus nyanga kapena tinyanga, -pus phazi, -pterus phiko, -odon dzino, -notus msana, -trupes wobowola. Akumayambiriro ndi monga *mega* ndi *makros* pa zazikulu ndi zazitali, *mikros* chaching'ono, *platys* chophwatalala, *leptos* choonda, *kalos* chokongola, *chrysos* golide, *chalkos* mkuwa, *melas* chakuda, *xylon* thabwa kapena mtengo, *ge* nthaka, *hydor* madzi. Ndi mawu ochepawa mutha kale kumasula *Megasoma*, *Chalcosoma*, *Xylotrupes*, *Geotrupes*, *Hydrophilus* ndi *Platycerus* popanda wokuthandizani.

Chilembo a chikakhala kumayambiriro nthawi zambiri chimatanthauza "wopanda", ndipo mawu otsatirawo akayamba ndi lembo la liwu chimasanduka an-. *Anophthalmus* ndi "wopanda maso", zikumbu za m'mapanga.

Chenjerani ndi mawu ofanana maonekedwe. *Onthos* ndi ndowe koma *anthos* ndi duwa, choncho *Anthonomus* ndi nankafumbwe wodya m'maluwa. *Philos* ndi wokonda koma *phyllon* ndi tsamba: *Polyphylla* si "wokonda zambiri", ndi "wa masamba ambiri", chifukwa nsonga za tinyanga take zili ngati masamba osanjikizana. Kusiyana kwake ndi i ndi y basi, ndi l imodzi kapena awiri.

3. Bwezerani zilembo ku Chigiriki musanatsegule dikishonale

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amafufuza *calo* kapena *coelo* m'dikishonale ya Chigiriki, osapeza kanthu, n'kusiya. Chifukwa chake n'chakuti mayina a sayansi amalembedwa m'kalembedwe ka Chilatini, ndipo podutsa m'Chilatinimo zilembo zina zinasintha. Kuti mupeze mawu enieni, bwererani m'mbuyo motere.

Chilembo c chinali k: *Calosoma* ndi *kalos*, *Copris* ndi *kopros*, mawu enanso otanthauza ndowe. Chilembo y chinali upsilon. Zilembo ae zinali ai, oe zinali oi: *Coelostoma* ndi *koilos*, chamkati mwa mphako, ndi *stoma*. Chilembo u nthawi zambiri chinali ou, monga -pus wochokera ku *pous*. Chilembo i nthawi zina chinali ei, ndipo si olemba onse amene anasintha: *Euchirus* ndi *Cheirotonus* ndi zikumbu zapachibale za miyendo yakutsogolo yaitali, mayina onse awiri ali ndi *cheir*, dzanja, koma lina linasinthidwa, lina ayi. Mathero -us anali -os, ndipo -um anali -on. Chilembo h cha kumayambiriro si chilembo m'Chigiriki, ndi kachizindikiro ka pamwamba pa lembo la liwu, choncho *hydor* mukamufune pansi pa upsilon. Pakati pa mawu h ameneyu amatha kusowa: *Anoplophora* muli *hoplon*, chida. Chomaliza, n wa mu *rhynchos*, mlomo wautali, amalembedwa ndi gamma m'Chigiriki.

Dikishonale yodalirika ndi ya Liddell ndi Scott, yomwe imapezeka pa intaneti. Muyenera kuphunzira zilembo 24 za Chigiriki kuti muigwiritse ntchito, ndipo imeneyi ndi ntchito ya madzulo amodzi kapena awiri. Buku la Roland Wilbur Brown, Composition of Scientific Words, limathandizanso kwambiri chifukwa linalembedwera anthu a sayansi.

Za katchulidwe musavutike nazo, Code silamula chilichonse. Ambiri masiku ano amatchula ph ngati f. Koma dziwani kuti m'Chigiriki cha ku Athens wakale zilembo zimene timalemba ph, th ndi ch zinkamveka ngati ph wa "phiri", th wa "thupi" ndi kh wa "khasu". Lilime lathu lili pafupi ndi katchulidwe kakaleko kuposa mmene ambiri amaganizira.

4. Zindikirani kuti si dzina lililonse lodulika

Mayina ena ndi mawu athunthu amene Agiriki ankatchulira tizilombo: *karabos*, *kerambyx*, *kantharis*, *lampyris*, *melolonthe*, *silphe*, *ips*. Linnaeus ndi otsatira ake anangowatola m'mabuku akale n'kuwapachika pa magulu amene anafuna, ndipo sikuti nthawi zonse anagwera pa kachilombo komwe Agirikiwo ankanena. *Kantharis* wakale anali chikumbu chotulutsa matuza pakhungu, ndipo mankhwala a cantharidin anatengera dzina kumeneko. Koma genus ya *Cantharis* ya lero ndi ya banja lina, pomwe zikumbu zamatuza zili m'banja la Meloidae, monga *Lytta vesicatoria*. *Buprestis* ndi "wotupitsa ng'ombe", kachilombo kamene akale ankati ng'ombe ikakadya ndi udzu imatupa mimba, koma lero dzinali lili pa zikumbu zonyezimira zimene ana ake amabowola mitengo.

Ena ndi mayina a m'nthano za Agiriki. *Sisyphus*, genus imene Latreille anakhazikitsa mu 1807, ndi ya zikumbu zokunkhuniza mipira ya ndowe, ndipo Sisyphus wa m'nthano anaweruzidwa kukunkhuniza mwala kukwera phiri mpaka kalekale. Dzina limeneli linakhala bwino zedi. *Chalcosoma atlas* akukumbutsa Atlas wosenza thambo. *Megasoma actaeon* ndi wa mlenje Actaeon amene Artemis anamusandutsa nswala. Kerambos anali m'busa amene nthano imati anasandutsidwa chikumbu cha tinyanga tataliatali. *Dynastes* ndi mawu wamba otanthauza wolamulira, ndipo m'genus imeneyi muli *hercules*, *tityus* ndi *neptunus*. Taonani kuti Hercules ndi katchulidwe ka Aroma ka Herakles, ndipo Neptunus ndi mulungu wa Aroma. Musathamangire kulemba kuti dzina lililonse lachikale ndi la Chigiriki. *Curculio*, *Tenebrio*, *Cicindela* ndi *Lucanus* ndi Chilatini, ndipo Goliyati wa mu *Goliathus* ndi wa m'Baibulo.

5. Pezani ngati dzina la genus ndi lachimuna, lachikazi kapena lapakati

Iyi ndiyo sitepe yovuta, ndipo mabuku ambiri a oyamba kumene amailumpha. Khalani nayo pansi.

M'Chichewa timati munthu wamkulu, chinthu chachikulu, nyumba yaikulu. Tsinde la mfotokozi ndi lomwelo, koma limavala mogwirizana ndi gulu la dzina. Chigiriki ndi Chilatini zimachitanso chimodzimodzi, kungoti magulu ake ndi atatu: lachimuna, lachikazi, ndi lachitatu losakhala kwa amuna kapena kwa akazi, limene ine ndizilitcha lapakati. Magulu amenewa sakukhudzana ndi chikumbu chachimuna kapena chachikazi. Ndi nkhani ya galamala yokha. Gawo 30 la Code limafotokoza mmene mungadziwire gulu la dzina la genus, ndipo gawo 31 limalamula kuti dzina la species, likakhala mfotokozi, ligwirizane nalo.

Chitani motere. Tengani mawu omaliza a dzinalo, chifukwa ndi amene amalamula. Kenako dzifunseni funso limodzi: kodi mawuwa angokopedwa kuchokera ku Chigiriki momwe alili, kapena mathero ake asinthidwa?

Ngati angokopedwa, gulu lake ndi limene dikishonale ikunena. Mu dikishonale ya Chigiriki, pambuyo pa dzina lililonse pamakhala kamawu kakang'ono: ὁ kusonyeza lachimuna, ἡ lachikazi, τό lapakati. Msampha waukulu uli pa mayina othera ndi -ma. Munthu amene anamvapo kuti "-a ndi wachikazi" amangoona *Calosoma* n'kugamula kuti ndi lachikazi. Ayi. *Soma*, *derma*, *stoma*, *kalymma* ndi anzawo ambiri othera ndi -ma ndi apakati. N'chifukwa chake chikumbu chimene Fabricius mu 1775 anachitcha *Carabus calidus* lero ndi *Calosoma calidum*. Chikumbu choononga fodya wosungidwa chinayamba ngati *Ptinus serricornis* mu 1792, ndipo lero ndi *Lasioderma serricorne*. Yerekezeraninso tizilombo tiwiri ta m'nkhokwe: *Sitophilus granarius* ndi *Trogoderma granarium*. Mfotokozi ndi mmodzi, "wa m'nkhokwe", koma wavala mosiyana chifukwa genus yoyambayo ndi yachimuna, yachiwiriyo ndi yapakati.

Funso lija la *Acalymma* layankhidwa pamenepa. Chikumbu cha mizere choononga nkhaka ku North America chinakhala nthawi yaitali m'genus ya *Diabrotica*, yomwe ndi yachikazi, ndipo chinkalembedwa *Diabrotica vittata*. Chitasamutsidwira ku *Acalymma*, dzina lothera ndi *kalymma*, chophimba, mathero anayenera kusintha. Cholondola ndi *Acalymma vittatum*. Amene amalemba *vittata* anasintha dzina loyamba n'kuiwala lachiwiri.

Komabe musasandutse zimenezi kukhala lamulo latsopano loloweza mwachimbulimbuli. *Lema* amathera ndi -ma, koma mitundu yake imalembedwa mwachikazi, monga *Lema cyanella*. Pa genus iliyonse, onani zimene mabuku odalirika a banjalo akuchita.

Msampha wachiwiri ndi -on. Mayina ambiri othera choncho ndi apakati: *Bembidion quadrimaculatum*, *Apion frumentarium*, *Sinodendron cylindricum*. Koma -odon, dzino, ndi wachimuna, choncho timalemba *Pentodon algerinus*. Mukangoyang'ana zilembo ziwiri zomaliza mudzalakwitsa. Muyenera kuzindikira mawu onse omaliza. Mayina a ochita zinthu othera ndi -tes ndi achimuna: *Dynastes*, *Oryctes* wokumba, *Dermestes* wodya zikopa, monga mu *Dermestes maculatus*.

Ngati mathero asinthidwa kukhala a Chilatini, iwalani gulu la mawu a Chigiriki aja, tsatirani mathero atsopanowo: -us lachimuna, -a lachikazi, -um lapakati. *Kephale*, mutu, ndi lachikazi m'Chigiriki, koma *Cryptocephalus* ndi lachimuna, *Cryptocephalus sericeus*, pamene *Cyclocephala* ndi lachikazi, *Cyclocephala lurida*. *Keras*, nyanga, ndi lapakati, koma *Heterocerus fenestratus* ndi lachimuna ndipo *Sternocera aequisignata* ndi lachikazi. *Agonum* anapatsidwa -um, choncho *Agonum sexpunctatum*. Mfundo ziwirizi, yokopa ndi yosintha, ndi zimene anthu amazisakaniza. -a wa mu *Cyclocephala* ndi mathero ovekedwa, pomwe -a wa mu *Calosoma* ndi wobadwa nawo mawuwo.

Pali mathero ochepa amene Code inagamula yokha kuti mikangano ithe. Dzina lothera ndi -ops ndi lachimuna, kaya wolemba anati chiyani. Lothera ndi -oides, -odes, -ides, -ites kapena -istes ndi lachimuna, pokhapokha ngati amene analikhazikitsa ananena gulu lina kapena analiphatikiza ndi mfotokozi wa gulu lina. Pa mayina oterewa palibe kuchitira mwina, muyenera kukawerenga pepala loyambirira. Ambiri mwa mapepala akalewo ali mu Biodiversity Heritage Library, laibulale ya pa intaneti, kwaulere. Ndipo ngati bungwe loyang'anira Code, la International Commission on Zoological Nomenclature, linagamulapo pa dzina linalake, chigamulo chimenecho chimaposa zonse zimene ndanenazi.

6. Onani ngati dzina la species ndi losintha kapena losasintha

Mukadziwa gulu la genus musayambe kusintha chilichonse chimene mwaona. Mfotokozi yekha ndi amene amasintha. Afotokozi ambiri amayenda m'njira izi, kuyambira lachimuna, lachikazi, mpaka lapakati: -us, -a, -um, kenako -is, -is, -e, ndiponso -er, -ra, -rum monga *niger*, *nigra*, *nigrum*. Othera ndi -ans, -ens kapena -x sasintha.

Dzina la chinthu kapena la munthu wa m'nthano limene langoikidwa pambali pa genus silisintha. *Hercules*, *atlas*, *elephas*, *inquisitor* ndi *sycophanta* adzakhala choncho kulikonse kumene angasamutsidwire. N'chifukwa chake *Calosoma sycophanta* ndi lolondola ngakhale *Calosoma* ndi lapakati: *sycophanta* ndi dzina la munthu woneneza anzake, si mfotokozi. *Oulema melanopus* nayenso ali bwino, *melanopus* ndi "phazi lakuda". Mayina osonyeza umwini sasinthanso: *Sitophilus oryzae*, wa mpunga, *Chrysomela populi*, wa mtengo wa *Populus*, *Dendroctonus ponderosae*. Olemekeza munthu ali m'gulu lomweli: -i pa mwamuna, -ae pa mkazi, -orum pa amuna angapo kapena amuna ndi akazi pamodzi, -arum pa akazi okhaokha. Ngati wolemba woyamba anaika -ii, sungani onse awiri. Ndi *Dynastes grantii*, ngakhale mudzaona *granti* m'malo ambiri.

Mfundo ina imene sidziwika kwambiri ndi iyi: mfotokozi wa Chigiriki amene sanalowetsedwe m'Chilatini, monga *melas*, *melaina* kapena *melan*, sasintha posamuka. Ndipo ngati sizikudziwika kuti mawuwo ndi dzina kapena mfotokozi, wolemba sananene, umboni wa kagwiritsidwe ntchito sukugamula, Code imati muwatenge ngati dzina, musawakhudze.

7. Pa dzina la banja, funani tsinde

Dzina la banja limapangidwa powonjezera -idae ku tsinde la dzina la genus imodzi yoimira banjalo. Pa *Carabus* n'zosavuta, Carabidae. Koma bwanji *Trox* anabala Trogidae, *Cerambyx* anabala Cerambycidae, ndipo *Platypus* anabala Platypodinae? Chifukwa tsinde lenileni la mawu ambiri a Chigiriki limaonekera pa mpangidwe wa umwini, umene dikishonale imaulemba pambuyo pa mawu oyambawo: *trox*, *trogos*, *kerambyx*, *kerambykos*, *pous*, *podos*, *soma*, *somatos*. Chotsani -os womalizayo, chotsalacho ndiye tsinde. Tsinde likathera ndi -id, Code imalola kuchotsa zilembo ziwirizi, n'chifukwa chake banja la ziphaniphani, lochokera ku *Lampyris*, ndi Lampyridae, osati dzina lokhala ndi -id kawiri. Mayina a mabanja a zikumbu anasonkhanitsidwa ndi Bouchard ndi anzake mu 2011 m'magazini ya ZooKeys, ndipo mukakayika kalembedwe yambirani kumeneko.

8. Musakonze Chigiriki cha wolemba woyamba

Munthu akayamba kudziwa mawu amenewa amalakalaka kukonza zolakwa za akale. Dzigwireni. Zikumbu zokwirira mitembo ya mbewa ndi mbalame Fabricius mu 1775 anazitcha *Nicrophorus*. Mawu a Chigiriki otanthauza wakufa ndi *nekros*, ndipo olemba ambiri pambuyo pake ankalemba *Necrophorus* pofuna kuwongola. Dzina lovomerezeka ndi *Nicrophorus*. Code imanena kuti kulakwitsa kusandutsa mawu kupita m'Chilatini si chifukwa chosinthira kalembedwe koyambirira.

Zimene zimakonzedwa ndi zochepa ndipo Code inazitchula, zina mwa izo ndi izi: mathero a mfotokozi monga tafotokozera, zizindikiro za pamwamba pa zilembo zimachotsedwa, ndipo manambala amalembedwa m'mawu. Linnaeus analemba *7-punctata*, ife timalemba *Coccinella septempunctata*.

Tanthauzo nalonso si chifukwa chotayira dzina. Genus yotchedwa "wokonda madzi" ikhoza kukhala ndi mtundu wokhala pouma, dzina limakhalabe. Ngakhale dzina lonyansa ngati *Anophthalmus hitleri*, la chikumbu cha m'mapanga a ku Slovenia chotchulidwa mu 1937, likadalipo, ndipo mkangano wake sunathe pakati pa akatswiri. Kwa inu phunziro la ntchito ndi ili: musazindikire chikumbu potengera tanthauzo la dzina. Chimene chimamanga dzina ku mtundu ndi type, chikumbu chenicheni chosungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe, chimene aliyense wokayika angakachiyeze.

9. Ngati mukupanga dzina latsopano

Ochepa mwa inu adzafika pamenepa, koma zikumbu zosatchulidwa mayina zikadali zambiri, choncho ndi bwino mudziwiretu.

Sankhani mbali ya thupi kapena khalidwe limene likusiyanitsadi chikumbucho, mupeze mawu ake m'dikishonale. Gwiritsani ntchito tsinde, osati mawu athunthu, pa chidutswa choyamba, ndipo lumikizani ndi o. Ndi bwino kuphatikiza Chigiriki ndi Chigiriki chinzake. Kusakaniza ndi Chilatini sikuletsedwa, koma ine sindikulangizani, chifukwa kumavutitsa wodzamasulira. Gwiritsani ntchito zilembo 26 za alifabeti ya Chilatini zokha, ndipo litchuleni mokweza kangapo. Ngati inu mwini lilime likukolani, anzanu adzavutika nalo kwa zaka mazana.

M'pepala lanulo lembani momveka zinthu zitatu: kumene dzinalo lachokera, gulu la dzina la genus, ndiponso ngati dzina la species ndi mfotokozi kapena dzina losasintha. Mizere yochepa imeneyi imapulumutsa anthu ku mavuto onse a mu sitepe 5 ndi 6. Kuyambira mu 2000 muyeneranso kunena poyera kuti dzinalo ndi latsopano ndi kutchula type yake. Ngati pepalalo likutuluka pa intaneti pokha, liyenera kulembetsedwa mu ZooBank, kaundula wa pa intaneti wa mayina a nyama, malinga ndi kusintha kwa Code kwa mu 2012.

Musanatumize, fufuzani ngati dzina la genus silinagwiritsidwepo kale ntchito pa nyama ina iliyonse, kaya nsomba, nkhono, kapena ya mafupa okumbidwa pansi. Zomera zili ndi malamulo awoawo, choncho dzina limodzi likhoza kukhala pa chomera ndi pa nyama, monga *Oenanthe*, amene ndi mbalame komanso chomera. Koma pakati pa nyama zokhazokha, woyamba ndiye mwini dzina, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi n'kokwanira kuti mayina awiri a genus akhale osiyana. Popeza mawu a Chigiriki oyenera ndi omwewomwewo, kugundana kumachitika kawirikawiri, ndipo zikumbu, pokhala zochuluka, zinatenga kale mayina ambiri. George Shaw mu 1799 anatcha nyama ya ku Australia ya mlomo ngati wa bakha kuti *Platypus*, "phazi lophwatalala", koma Herbst anali atapereka kale dzinali kwa chikumbu chobowola mitengo mu 1793, choncho nyamayo lero ndi *Ornithorhynchus anatinus*. Zinachitikanso ndi dinosaur wa ku Zimbabwe amene Raath anamutcha *Syntarsus* mu 1969: Fairmaire anali atatcha kale chikumbu dzina lomweli mu 1869, ndipo mu 2001 akatswiri atatu a zikumbu anapereka dzina lolowa m'malo, *Megapnosaurus*. Yambani ndi Nomenclator Zoologicus ya Neave, yomwe ndi kaundula wa mayina a genus, kenako ZooBank, Catalogue of Life ndi GBIF, zomwe ndi nkhokwe za pa intaneti za mayina a zamoyo, ndipo mufufuze kalembedwe kalikonse koyandikana nalo, ka c ndi ka k, ka i ndi ka ei, ka -us ndi ka -a, kuti mudziwe mayina amene lanulo lingasokonezedwe nawo.